Nthawi Yolembera Mabuku Imachokera Kuti?

Anthu ambiri okonda kuwerenga nkhani zopeka, ndakatulo ndi masewero amaganiza kuti mlembi ndi munthu amene amati akadzuka m'mawa amangokhala pa tebulo lake mpaka dzuwa kulowa popanda china chomutangwanitsa, pamene mbiri ya zolembalemba, kuno ku Africa ngakhalenso kunja, imasonyeza kuti alembi a mwayi wotere akhala ochepa kwambiri m'mibadwo yonse. Gwero la zimenezi lili m'kapezedwe ka ndalama pa ntchitoyi. Mlembi salandira malipiro a pamwezi kuchokera kwa osindikiza mabuku, koma amapatsidwa gawo la mtengo wa buku lililonse limene lagulidwa, ndipo gawolo kawirikawiri limakhala pafupifupi limodzi mwa magawo 10, nthawi zina kucheperapo. Ndalamazo zimabwera kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndiponso zimayamba kubwera buku litalembedwa kale, litakonzedwa ndi kufika m'masitolo, kotero kuti pa zaka zonse zimene munthu akulimbana ndi nkhani yake amayenera kupeza ufa, lendi ndi fizi ya ana kuchokera kwina. N'chifukwa chake mabuku ambiri amene akuwerengedwa m'masukulu lero analembedwa ndi aphunzitsi, makalaliki a boma, atolankhani, anamwino ndi madokotala, ambiri mwa iwo ali ndi ana m'nyumba.

Pali maganizo awiri ochokera ku England amene akhala akubwerezedwa kwambiri pa nkhaniyi. M'chaka cha 1929 Virginia Woolf anatulutsa buku lotchedwa A Room of One's Own, m'mene anatsindika kuti mkazi wofuna kulemba nkhani zopeka amafunika chipinda chakechake ndi ndalama zokwana mapaundi 500 pa chaka, zimene panthawiyo zinali zokwanira kuti munthu akhale popanda kugwirira wina ntchito. Mu 1938 Cyril Connolly, m'buku lake la Enemies of Promise, anaika kangolo koyendetsera khanda m'gulu la adani aakulu a luso. Woolf ankanena za umphawi ndi kuponderezedwa kwa akazi, pamene Connolly ankadandaulira mwamuna amene mwana wamulanda bata la m'nyumba, komabe onse awiri anagwirizana pa mfundo yakuti kulemba kumafuna nthawi yaitali yosadukiza. Mfundoyi ndi yoona, koma siifotokoza za anthu amene analibe chipinda ngakhale ndalama, anali ndi ana, n'kulembabe mabuku amene akuwerengedwa mpaka lero. Popeza tsiku la munthu aliyense lili ndi maola 24, ola lililonse limene lapita ku zolemba limakhala litachotsedwa pa chinthu china, kapena ntchito ya ola limenelo imakhala itasenzedwa ndi munthu wina, ndipo nkhani ya alembi otanganidwa imamveka bwino pofufuza kuti amene analipira nthawiyo anali yani.

Mayi wa ana asanu mu London

Chitsanzo chimene chimaonetsa zonsezi poyera ndi cha Buchi Emecheta, mlembi wa mtundu wa Igbo amene anabadwira ku Lagos m'dziko la Nigeria mu 1944. Bambo ake, amene ankagwira ntchito ku kampani ya njanji, anamwalira iye ali ndi zaka 9, koma chifukwa cha nzeru zake anapeza mwayi wolipiriridwa maphunziro pa sukulu ya atsikana ya mpingo wa Methodist. Anakwatiwa mu 1960 ali ndi zaka 16, ndipo mu 1962 anatsatira mwamuna wake ku London, kumene bamboyo anapita kukaphunzira. Pofika zaka 22 anali atabereka ana anayi ndipo anali woyembekezera wachisanu, akukhala m'zipinda zopanikiza za lendi mu mzinda umene eni nyumba ambiri panthawiyo ankakana poyera kulandira anthu akuda, ndipo ndiye amene ankagwira ntchito yodyetsa banja lonse.

M'kati mwa mavuto amenewa analemba nkhani yake yoyamba yaitali, koma atapatsa mwamuna wake kuti awerenge, iye anaitentha. Chiwembu chimenechi chiyenera kumveka molingana ndi nthawi yake: kunalibe kompyuta kapena foni yosungiramo zolemba, ndipo mapepala amene anapsawo ndiwo anali buku lonse. Emecheta anachoka m'banjamo ndi ana ake onse, n'kulera yekha ana asanu. Kuyambira 1965 mpaka 1969 anagwira ntchito mu laibulale ya British Museum, kenaka anagwira ntchito yothandiza achinyamata, ndipo pa nthawi yomweyo ankaphunzira za kakhalidwe ka anthu pa University of London mpaka anatenga digiri. Kulemba ankakupezera malo m'mamawa ana asanadzuke, pa tebulo la kukhitchini, lomwelo lodyerapo ndi lochitirapo ana ntchito ya kusukulu, ndipo nthawi zambiri ankapitiriza ana atadzuka kale, akusewera ndi kukangana pafupi naye. Nthawi yake yolembera, tinganene mosabisa, anaichotsa pa tulo take, chifukwa panalibe wantchito, panalibe agogo kapena azakhali apafupi, panalibenso mwamuna woti angamulandireko.

Zolemba zake zoyamba kusindikizidwa zinali tizigawo tatifupi tofotokoza moyo wa mayi wolera yekha ana m'nyumba za khonsolo, timene tinatuluka m'magazini ya New Statesman, ndipo tizigawoto ndito tinasonkhanitsidwa kukhala buku la In the Ditch mu 1972. Mu 1974 panatuluka Second-Class Citizen, m'mene mpangankhani wamkulu, ndiye kuti munthu amene nkhani yonse ikuzungulira pa iye, ndi Adah, mayi amene moyo wake umafanana kwambiri ndi wa mlembiyo, mpaka pa kutenthedwa kwa zolemba zake. Buku limeneli Emecheta analipereka kwa ana ake asanu ndi mawu oyamikira phokoso lawo, chinthu chimene chinadabwitsa mlembi wa ku America Alice Walker mpaka analemba nkhani yonena kuti ameneyu anali mlembi chifukwa cha ana ake. Nkhani imene inatenthedwa ija anailembanso kuchokera pachiyambi, ndipo inatuluka mu 1976 ndi dzina la The Bride Price. Mu 1979 anatulutsa The Joys of Motherhood, buku limene ambiri amaliona kuti ndi lopambana mwa onse amene analemba, lonena za Nnu Ego, mayi amene anathera mphamvu zake zonse pa ana koma n'kudzafera yekha m'mbali mwa msewu. Pomwalira mu 2017, Emecheta anali atalemba mabuku oposa 20.

Maganizo a Walker ali ndi choona chake, pakuti ana ndi umphawi ndizo zinapatsa Emecheta nkhani yoti alembe ndiponso chifukwa chomalizira msanga chimene wayamba, popeza pakhomo pankafunika ndalama. Komabe kungakhale kulakwa kutenga moyo wakewo ngati umboni wakuti mavuto amathandiza luso. Wowerenga The Joys of Motherhood mosamala amaona kuti mlembiyo ankadziwa bwino mtengo wa umayi, ndipo sanaubise ndi mawu okoma.

Maola a m'bandakucha

Njira yodzuka usiku kuti munthu alembe asanapite ku ntchito ndi yakale, ndipo amene anaifotokoza mwatsatanetsatane kuposa onse ndi Anthony Trollope wa ku England, amene anagwira ntchito ku positi ofesi kuyambira 1834 mpaka 1867 ndipo pa moyo wake analemba nkhani zazitali 47. M'buku la mbiri ya moyo wake, limene linatuluka mu 1883 iye atamwalira, anafotokoza kuti ankakhala pa tebulo nthawi ya 5:30 m'mawa, n'kuyamba ndi kuwerenga zimene analemba dzulo lake kwa theka la ola, kenaka n'kuika wotchi patsogolo pake ndi kudzilamula kuti alembe mawu 250 pa mphindi 15 zilizonse. Pakutha maola atatu ankanyamuka kukavala ndi kupita ku ntchito ya boma. Poyenda pa sitima ya pamtunda kukayendera mapositi ofesi ankalembera pa kathabwa koika pa miyendo, ndi pensulo. Ena mwa owerenga ake anakhumudwa atamva zimenezi, chifukwa ankayembekezera kuti luso limatsika pa munthu mwadzidzidzi, ndipo kumva kuti nkhani zimene ankazikonda zinalembedwa motsatira wotchi kunawachotsera ulemu umene ankampatsa. Koma masamu ake ndi osatsutsika: munthu wolemba mawu 300 okha pa tsiku, amene ndi pafupifupi tsamba limodzi, amakhala ndi mawu 90,000 pakatha masiku 300, ndipo amenewo ndi okwanira buku lalikulu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chimene anthu ofotokoza za Trollope amaiwala kawirikawiri ndi chimene iye mwini sanabise. Panali wantchito wachikulire amene ankalipidwa mapaundi 5 apadera pa chaka kuti azimudzutsa ndi kumubweretsera khofi, ndipo zimene ankalemba ndi pensulo m'sitima, mkazi wake Rose ndiye ankazikopera bwinobwino. Kuphika, kuchapa ndi kulera ana awo awiri sikunali pa mapewa ake. Momwemonso Sophia, mkazi wa Leo Tolstoy wa ku Russia, anakopera ndi dzanja buku lalikulu la War and Peace kangapo, uku akuyendetsa chuma cha banja ndi kubereka ana, amene anakwana 13. Khama la amuna amenewa silikukanidwa, koma maola awo a bata anagulidwa ndi thukuta la anthu ena amene maina awo sali pa chikuto cha buku. Chochititsa chidwi n'chakuti Trollope anatengera khalidwe lodzuka usiku kwa mayi ake, Frances Trollope, amene anayamba kusindikiza mabuku atapitirira zaka 50 pofuna kupulumutsa banja ku ngongole, ndipo ankalemba m'bandakucha uku masana akudwazika mwamuna ndi ana ake amene anali kumwalira.

Toni Morrison wa ku America anali pafupi ndi Frances kuposa Anthony. Banja lake linatha mu 1964, n'kutsala ndi ana aamuna awiri, ndipo anapeza ntchito ya ukonzi wa mabuku, poyamba ku Syracuse kenaka ku New York, pa kampani ya Random House. Mkonzi ndi munthu amene amasankha zolemba za ena, kuzikonza ndi kuziperekeza mpaka zitasindikizidwa, motero masana onse Morrison ankathera nzeru zake pa mabuku a anthu ena, monga Angela Davis ndi Muhammad Ali, ndipo ake ankalemba kusanache, ana asanayambe kumuitana. Buku lake loyamba, The Bluest Eye, linatuluka mu 1970 ali ndi zaka 39. Anasiya ntchitoyo mu 1983 atatulutsa kale nkhani zazitali zinayi, ndipo patatha zaka 10 analandira mphoto ya Nobel. Iye anafotokozapo kuti chizolowezi chimene chinayamba chifukwa chokakamizika chinadzasanduka chosankha chake, moti ana atakula anapitirizabe kudzuka usiku chifukwa anazindikira kuti mutu wake umagwira bwino ntchito dzuwa lisanatuluke.

Kuchepa kwa nthawi kumafika mpaka posintha mtundu wa zimene munthu amalemba. Nkhani yaitali imafuna kuti mlembi asunge m'mutu apangankhani ambiri ndi tsatanetsatane wa zochitika kwa zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo akaisiya kwa mwezi umodzi amavutika kuti apezenso pamene analekezera ndi mawu amene anthu akewo amalankhulira. Nkhani yaifupi kapena ndakatulo imatha kulembedwa m'masiku ochepa n'kumakonzedwa pambuyo pake. Raymond Carver wa ku America, amene anakwatira ali ndi zaka 19 ndipo pofika zaka 20 anali ndi ana awiri, anagwira maganyu osiyanasiyana, kuphatikizapo kucheka matabwa ndi kukolopa m'chipatala, ndipo m'nkhani yake yotchedwa Fires anavomereza kuti anasankha nkhani zazifupi ndi ndakatulo chifukwa ndizo akanatha kumaliza pa nthawi yochepa imene anali nayo. Alice Munro wa ku Canada, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2013, ananenanso zofanana ndi zimenezi za zaka zimene ankalera ana aang'ono. Nalonso buku loyamba la Emecheta linabadwa m'tizigawo chifukwa moyo wake unali wa tizigawo.

Ntchito yolembedwa nayonso siifanana pa zimene imamulanda mlembi. Franz Kafka anagwira ntchito ku bungwe la inshuwalansi ya ngozi za antchito ku Prague kuyambira 1908, kumene ankaweruka masana, n'kugona pang'ono kuti alembe usiku, ndipo nkhani yake ya The Judgment anailemba yonse usiku umodzi wa mu September 1912. Naguib Mahfouz wa ku Egypt anakhala wogwira ntchito m'boma mpaka 1971, ndipo makalaliki osauka amene amadzaza mabuku ake anawadziwira m'maofesi momwemo. Chinua Achebe analemba Things Fall Apart, limene linatuluka mu 1958, akugwira ntchito ku wailesi ya boma ku Lagos. Ntchito imene imatha belu likalira imasiya mutu wa munthu womasuka, pamene uphunzitsi umatsatira munthu kunyumba ndi mulu wa makope oti achonge, ndipo utolankhani umatha mphamvu yomweyo ya mawu imene nkhani yopeka ikufuna madzulo. Mariama Bâ wa ku Senegal, mphunzitsi ndiponso mayi wa ana 9, anatulutsa buku lake loyamba, Une si longue lettre, mu 1979 ali ndi zaka 50, n'kupambana nalo mphoto ya Noma mu 1980, koma anamwalira mu 1981 buku lake lachiwiri lisanatuluke.

Alembi a kwathu

M'Malawi kulemba kwakhala ntchito yachiwiri kuyambira pachiyambi. A Samuel Josiah Nthara anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma pamene analemba Nthondo, nkhani imene inapambana pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, n'kusindikizidwa mu 1933 ndi kumasuliridwa m'Chingerezi ndi T. Cullen Young pa dzina la Man of Africa. A E. J. Chadza, komanso a John Gwengwe, eni Sikusinja ndi Gwenembe, nawonso anadutsa m'ntchito ya uphunzitsi. A Willie Zingani, eni Njala Bwana, anadutsa m'ntchito ya utolankhani. A Steve Chimombo anaphunzitsa zaka zambiri pa Chancellor College. Ndipo a Stanley Onjezani Kenani, amene anafika kawiri pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Caine, mu 2008 ndi 2012, ntchito yawo ndi yowerengetsa ndalama. Msika wa mabuku ndi waung'ono, moti buku limene limagulidwa kwambiri nthawi zambiri ndi lokhalo limene lasankhidwa kuti liziphunziridwa m'masukulu, ndipo malo oterowo ndi owerengeka.

Mndandanda umenewu ndi wa amuna okhaokha, ndipo sizinangochitika mwangozi. Mayi amene amatchulidwa kawirikawiri kuti ndiye woyamba wa ku Malawi kusindikiza nkhani yaitali ndi a Walije Gondwe, amene buku lawo la Love's Dilemma linatuluka mu 1985, patapita zaka 52 chitulukire Nthondo. Chifukwa chimodzi n'chakuti atsikana anachedwa kupatsidwa mwayi wa sukulu, koma china chili m'kagawidwe ka ntchito za pakhomo. Ola la m'bandakucha limene Trollope ankalembera ndi lomwelo limene mayi wa ku Ndirande kapena ku Kawale amakhala akukoleza mbaula, kutenthetsa madzi osamba, kusesa pabwalo, kuphika phala ndi kufunafuna sokosi ya mwana imene yasowa, asanathamangire minibasi kuti nayenso akafike ku ntchito pa nthawi yake. Madzulo bambo akhoza kukhala pansi ndi kope lake podikira nsima, koma wophika nsimayo sangatero. Luso lopeka nkhani amayi akhala nalo kuyambira kale, pakuti nthano za madzulo ndi nyimbo za pamtondo zambiri zinadzera mwa iwo, ndipo kusiyana kwake n'kwakuti luso la pakamwa limayenda limodzi ndi ntchito ya manja. Munthu amatha kusimba nthano uku akutong'ola chimanga kapena kuswa mtedza, mwana ali kumsana, pamene kulemba kumafuna manja, maso ndi kukhala payekha nthawi imodzi.

Kukhala payekha kumeneko ndi vuto lina m'chikhalidwe chimene chimalemekeza kucheza. Munthu wodzitsekera m'chipinda alendo ali pabalaza amaonedwa ngati wonyada, ndipo maliro, zinkhoswe, matenda a abale ndi misonkhano ya mpingo zimadya Loweruka ndi Lamulungu limene mlembi ankaliyembekezera sabata yonse. Wolemba buku sangaonetse msanga phindu la ntchito yake monga achitira woweta nkhuku kapena wosoka zovala, motero n'kovuta kuti auze apongozi kuti sanabwere chifukwa amamaliza mutu wachisanu wa nkhani imene mwina siidzasindikizidwa n'komwe. Komabe chikhalidwe chomwecho chili ndi chimene Emecheta anasowa ku London, chomwe ndi manja ambiri olera mwana. Agogo, azakhali, achemwali ndi oyandikana nawo amalandira khanda popanda kuwerengera maola. Apanso chilungamo chimafuna kuti zinenedwe kuti m'makomo ambiri a m'tauni manja amenewo ndi a mtsikana wochokera kumudzi amene sukulu yake inaimira panjira, ndipo bata limene mlembi wapeza lalipiridwa ndi iyeyo.

Zipangizo zasintha mbali ina ya vutoli. Foni ya m'manja imalola munthu kulemba ndime ziwiri ali pa mzere ku banki kapena m'minibasi yodikira kudzaza, imagwira ntchito ngakhale magetsi atazima, ndipo zolemba zimene zatumizidwa pa intaneti sizingathe ndi moto, chiswe kapena denga lodontha, ngakhale kuti foni yomweyo ndiyo imabweretsa Facebook ndi WhatsApp zimene zimameza theka la ola limene linapezeka movutikira. Masamba a nkhani zazifupi ndi ndakatulo m'nyuzipepala za kumapeto kwa sabata, pamodzi ndi mapulogalamu a ndakatulo pa wailesi, akhala akupatsa anthu otanganidwa malo otulutsira zolemba zazifupi zimene angakwanitse. Magulu a alembi amathandiza m'njira ina imene siiyamikiridwa mokwanira, pakuti amaika tsiku loti munthu abwere ndi chimene walemba. Gulu la alembi la pa Chancellor College, limene linayamba mu 1970 ndipo munadutsa anthu monga a Jack Mapanje ndi a Lupenga Mphande, linkakumana kuti mamembala awerengerane ndi kudzudzulana zolemba zawo, ndipo manyazi ofika chimanjamanja pamaso pa anzako amalembetsa munthu ngakhale atatopa.

Amene sanamalize

Nkhani za Emecheta, Morrison ndi Bâ zili ndi ngozi imodzi, yakuti zimangonena za anthu amene anapambana, ndipo munthu akhoza kuganiza kuti aliyense wolephera kumaliza buku ndi waulesi. Amene anatsutsa maganizo amenewa mwamphamvu ndi Tillie Olsen wa ku America, amene m'buku lake la Silences la mu 1978 anafufuza zaka zimene alembi amakhala chete chifukwa cha umphawi, ntchito, tsankho ndi kulera ana, n'kusonyeza kuti pakati pa akazi amene analemba mabuku odziwika m'zaka za m'mbuyomo, ambiri anali opanda ana kapena anali ndi antchito. Iye ankanena zimene zinamuchitikira. Anayamba kulemba nkhani yaitali yotchedwa Yonnondio ali ndi zaka 19, ndipo gawo lake litatuluka m'magazini mu 1934 anthu anaona kuti kwabadwa mlembi wamkulu, koma kenaka panadutsa zaka pafupifupi 20 akulera ana aakazi anayi ndi kugwira ntchito zosiyanasiyana zamalipiro ochepa. Mapepala a Yonnondio anadzapezeka patapita zaka pafupifupi 40, ndipo bukulo linasindikizidwa mu 1974 lili losamaliza, chifukwa mayi wachikulire amene anawapezayo sakanathanso kupitiriza mawu a mtsikana amene anawayamba.

Chimene chinabwezera Olsen ku zolemba m'zaka za m'ma 1950 chinali thandizo la ndalama lochokera ku Stanford University, limene linamulola kusiya ntchito kwa miyezi ingapo, ndipo nkhani zina za m'buku lake la Tell Me a Riddle la mu 1961 zinachokera pa mpata umenewo. Harper Lee, amene ankagulitsa matikiti a ndege ku New York, anapatsidwa ndi anzake mphatso ya Khirisimasi mu 1956 ya ndalama zokwanira kukhala chaka chathunthu osagwira ntchito, ndipo zotsatira zake zinali To Kill a Mockingbird, limene linatuluka mu 1960. Zitsanzo ziwirizi zikubwezera ulemu kwa Woolf, pakuti zikusonyeza kuti khama la m'bandakucha limasunga luso kuti lisafe, koma nthawi yogulidwa ndi ndalama imafulumizitsa ntchito imene ikanatenga zaka zambiri kapena kufera panjira. Kwa alembi a ku Africa thandizo lotere lilipo ndithu, ngakhale ndi lochepa. Bungwe la Miles Morland Foundation linayamba mu 2013 kupereka mapaundi 18,000 kwa alembi ochepa chaka chilichonse, ndalama zolandira mwezi ndi mwezi kwa chaka chimodzi, ndipo wolandirayo ankayenera kutumiza mawu atsopano 10,000 mwezi uliwonse, lamulo limene Trollope akanalivomereza mosavuta. Lamulo lina la thandizoli linali lakuti bukulo lilembedwe m'Chingerezi, kotero mphunzitsi wa ku Dowa kapena ku Chipata amene akulemba nkhani yake m'Chichewa sakanapikisana nawo.